Kupeza ndi Kusunga Ndalama za Gulu la Ophunzira Opanga Maloboti: Zomwe Ndinaphunzira Ngati Msungichuma

1.0 Chiyambi

Ine ndimaphunzira za zinenero ndi zolembalemba, ndipo mpaka lero sindidziwa kulumikiza waya pa mota. Komabe m'chaka cha 2023 ndinapezeka ndili m'komiti ya gulu la ophunzira anzanga khumi ndi anayi omwe ankapanga loboti yoti akaionetse pa chionetsero cha sayansi cha pasukulu yathu yaukachenjede. Poyamba anandiitana kuti ndiziwalembera makalata opempha thandizo, poti amati ife a zinenero ndiye timadziwa kukometsa mawu. Posakhalitsa anandisankha kukhala msungichuma, chifukwa aliyense wa iwo ankafuna kukhala pa kompyuta, osati pa buku la ndalama. Udindo umenewu unandiphunzitsa zambiri, ndipo tsiku lina unatsala pang'ono kundionongera mbiri.

M'nkhani ino ndifotokoza komwe ndalama za gulu lotere zimapita, njira zomwe tinazipezera, momwe mawu a m'kalata amatsegulira kapena kutseka thumba la munthu, ndi kasungidwe ka ndalama komwe kamateteza gulu pamodzi ndi wosungayo. Cholinga changa n'choti ophunzira omwe adzasenze udindowu asadzagwe m'mbuna yomwe ndinagwamo ine.

2.0 Vuto Loyamba: Dzina la Chinthucho

Kalata yanga yoyamba ndinapita nayo kwa bambo wina mwini sitolo ya zipangizo zomangira nyumba m'tauni. Ataiwerenga anandiyang'ana modabwa nati, "Mwana wanga, maloboti si ntchito ya a khonsolo kodi? Inu ana asukulu mukufuna kuwaika pa msewu uti?" Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti tinkapempha ndalama za chinthu chomwe dzina lake limatanthauza zina m'makutu mwa anthu. Kuno kwathu, monganso ku South Africa, Zambia ndi Zimbabwe, maloboti ndi magetsi oongolera magalimoto pa mphambano.

Mawuwa anachokera kutali. Anatchuka kudzera m'sewero lotchedwa R.U.R. lomwe Karel Čapek, mlembi wa ku Czechoslovakia, anatulutsa m'chaka cha 1920. Gwero lake ndi mawu a m'chinenero cha Czech akuti "robota", omwe ankatanthauza ntchito yokakamiza yomwe alimi osauka ankagwirira eni malo. Wophunzira mbiri ya dziko lino aona msanga kuti izi zikufanana ndi thangata. Kuthangata poyamba kunali kuthandizana pa ntchito, koma m'nthawi ya atsamunda mawuwa anasanduka dzina la ntchito yokakamiza m'minda ya azungu, ndipo thangata anali chimodzi mwa zifukwa zomwe John Chilembwe anaukira m'chaka cha 1915.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kuyamba kalata ndi mawu akuti loboti. Ndinkalemba kuti tikupanga kamakina koyenda pa mateyala, kamene kamatsata mzere wakuda pansi ndi kupewa kugunda zinthu popanda munthu wokayendetsa. Phunziro loyamba ndi limeneli: munthu sapereka ndalama zake ku chinthu chomwe sakuchiona m'maganizo mwake.

3.0 Kodi Ndalama Zimapita Kuti?

Anzanga atandipatsa mndandanda wa zofunika, munali zipangizo za loboti zokha. Koma titayamba ntchito ndinaona kuti ndalama zimatuluka pa makomo anayi.

Khomo loyamba ndi la zipangizo zenizeni. Ubongo wa loboti yathu unali kabolodi kotchedwa Arduino Uno. Ntchito ya Arduino inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy m'chaka cha 2005, ndipo chifukwa chakuti kapangidwe kake sikobisika, makampani ambiri a ku China amapanga mabolodi ofanana nako pa mtengo wotsikirapo. Tinkafunanso mamota, kachipangizo koyendetsa mamotawo kotchedwa L298N, masensa oona mzere, sensa yoyeza mtunda yotchedwa HC-SR04, mabatire ndi mawaya. Khomo lachiwiri ndi la zida zogwirira ntchito, monga chowotcherera mawaya ndi mita yoyezera magetsi. Lachitatu ndi la maulendo. Lachinayi, lomwe aliyense amaliiwala, ndi la tinthu ting'onoting'ono: kusindikiza makalata, bandulo ya intaneti, minibasi yopita m'tauni, ndi ndalama zomwe zimadulidwa potumiza kapena potapa ndalama za pafoni.

Magulu a m'maiko olemera nawonso amalimbana ndi makomo omwewa. Ku America kuli bungwe la FIRST lomwe Dean Kamen analiyambitsa m'chaka cha 1989, ndipo mpikisano wake wa maloboti wa ophunzira a sekondale unayamba mu 1992 ku New Hampshire. Ndalama zolembetsera zokha pa mpikisano umenewu zimaposa madola 5,000 pa chaka. Chifukwa cha ichi magulu ambiri kumeneko amakhala ndi ophunzira omwe ntchito yawo ndi yosaka ndi kulongosola ndalama basi, ndipo amawerengedwa ngati mamembala enieni a gulu.

Mpikisano wina wotchedwa FIRST Global Challenge unachitika koyamba ku Washington, D.C. mu Julayi 2017, ndipo kunafika magulu ochokera m'maiko oposa 150. Atsikana a ku Herat m'dziko la Afghanistan anayenda kawiri ulendo wautali wopita ku Kabul kukapempha ziphaso zolowera ku America, ndipo maulendo onse awiri anakanizidwa. Analoledwa patangotsala masiku ochepa kuti mpikisano uyambe. Nkhani yawo ikutionetsa kuti nthawi zina ulendo ndi mapepala zimadya ndalama ndi nthawi kuposa zitsulo. Gulu lolemba bajeti ya zipangizo zokha lalemba theka la bajeti.

4.0 Bajeti ndi Kugwa kwa Kwacha

Zipangizo zambiri zomwe ndatchulazi sizipangidwa m'dziko muno. Ngakhale wogulitsa atakhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mtengo wake umatsata dola. Mu Okotobala 2023 tinawerengera kuti zipangizo zochokera kunja zidzatidyera madola 150. Pa nthawiyo dola imodzi inkagulitsidwa pafupifupi K1,180 ku banki, kotero tinkafuna K177,000. Ndalamazi tinazipeza, koma sitinagule msanga. Anzanga awiri ankakanganabe ngati loboti ikhale ya mateyala awiri kapena anayi, ndipo ine ndinkaona ngati kusunga ndalama osazikhudza ndiye nzeru za msungichuma wabwino.

Kumayambiriro kwa Novembala chaka chomwecho, Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti mphamvu ya kwacha yatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo dola inafika pa K1,700. Madola 150 aja tsopano anafuna K255,000. Tinagona tili ndi ndalama zokwanira, n'kudzuka tikuperewera K78,000, popanda yemwe anaba ngakhale tambala. Chomvetsa chisoni n'chakuti chenjezo linalipo kale, pakuti mu Meyi 2022 kwacha inali itatsitsidwanso ndi 25 peresenti, ndipo madola ankasowa m'mabanki.

Pamenepa ndinaphunzirapo zinthu zitatu. Choyamba, bajeti izikhala ndi mizere iwiri: zinthu zomwe mtengo wake umatsata dola, ndi zomwe zimapezeka konkuno monga matabwa, misomali ndi penti. Chachiwiri, ndalama zikangopezeka, ziyambe zagula zinthu za mzere woyamba zomwe palibe akuzitsutsa. Bolodi, masensa ndi mawaya zinali zofunika kaya mateyala akhale awiri kapena anayi. Chachitatu, pa bajeti iliyonse paziikidwa ndalama zapadera za mwadzidzidzi. Masensa amapsa wina akasemphanitsa mawaya, ndipo kuitanitsa kachipangizo kamodzi kachiwiri kumadula kuposa kugula tiwiri nthawi imodzi.

5.0 Njira Zomwe Tinapezera Ndalama

5.1 Msonkho wa mamembala

Tinagwirizana kuti aliyense azipereka K2,000 pa mwezi. Ndalamazi n'zochepa, koma phindu lake lalikulu linali lakuti popita kwa anthu tinkatha kunena kuti ifenso taikapo kathu. Vuto linali lakuti ena mwa ife ankadalira ngongole ya ophunzira ndipo mwezi wina analibe ngakhale ya chakudya chamasana. Tinagwirizana kuti wolephera kusonkha azigwira ntchito ina ya gulu m'malo mwake, ndipo dzina lake lisamatchulidwe pa msonkhano ngati wangongole.

5.2 Malonda ang'onoang'ono

Tinkagulitsa mandasi ndi zitumbuwa madzulo ku malo ogona ophunzira, ndipo anyamata odziwa makompyuta ankakonza malaputopu a anzathu pa mtengo wochepa. Apa panabuka dandaulo. Atsikana atatu omwe ankakazinga mandasi anaona kuti iwo akuthera nthawi pa mbaula pamene ena akuphunzira kulemba mapulogalamu. Mmodzi anafunsa pa msonkhano kuti, "Kodi ifeyo tinabwera kudzapanga loboti kapena kudzagwira thangata?" Funsoli linali loona. Tinakonza ndandanda yoti aliyense, ndi wapampando yemwe, azikhala ndi tsiku la pa mbaula ndi tsiku la pa kompyuta.

5.3 Katundu m'malo mwa ndalama

Njira imeneyi ndi yomwe inatipulumutsa kwacha itagwa. Anthu ambiri omwe sangakupatse ndalama amakupatsa mosavuta chinthu chomwe sachigwiritsanso ntchito. M'mapulinta akufa muli mamota, magiya ndi timalamba. M'mabatire a malaputopu akale ambiri muli timabatire tozungulira ta mtundu wa 18650, ndipo tina timakhala tidakali tamoyo, ngakhale kuti tifunika kutsegulidwa mosamala ndi kuyezedwa ndi munthu wodziwa chifukwa tingathe kuyaka. Amisiri okonza mawailesi ndi mafoni pa msika anatipatsa mawaya ndi masiwichi. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi ziwalo za njinga ali mnyamata, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Chomwe ndingaonjezere n'chakuti katundu wopatsidwa naye azilembedwa m'buku, pamodzi ndi dzina la wopereka.

5.4 Ophunzira akale

Omwe anaphunzira pa sukulu yomweyo ndipo tsopano ali pa ntchito safuna kufotokozeredwa zambiri. Mphunzitsi wotiyang'anira anatilumikiza ndi angapo, ndipo ambiri anatumiza thandizo lawo kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba.

6.0 Chinenero cha Kalata Yopempha Thandizo

Makalata anga oyamba anali odzaza ndi madandaulo. Ndinkalemba kuti ndife ophunzira ovutika, tilibe pogwira, ndipo tilandira kangachepe kalikonse. Palibe ngakhale imodzi yomwe inayankhidwa. Nditawawerenganso ndinaona kuti sindinkapempha koma ndinkapemphetsa. Mneni "pempha" ndi waulemu, pakuti munthu amapempha njira, amapempha mbeta. Koma "pemphetsa" amabweretsa chithunzi cha munthu wotambasula dzanja kwa aliyense wodutsa, ndipo wodutsayo akapereka sayembekezera kumvanso za iye.

Ndinasintha zinthu zinayi. Choyamba, kalata iliyonse inkapita kwa munthu wodziwika ndi udindo wake, osati kwa "aliyense wokhudzidwa". Chachiwiri, ndinkatchula chinthu chimodzi ndi mtengo wake, mwachitsanzo mamota awiri, n'kuphatikizapo kotesheni ya wogulitsa. Munthu amasangalala kudziwa kuti mamota a loboti ija anagula ndi iye, kusiyana ndi kuponya ndalama m'thumba losaoneka pansi pake. Chachitatu, ndinkanena zomwe ife tapeza kale patokha. Chachinayi, ndinasiya mneni "thandiza" n'kuyamba kugwiritsa ntchito "thandizana". Kam'phatikiri kakuti -an- kamasonyeza kuti mbali zonse ziwiri zikuchitapo kanthu, motero ndinkayenera kutchula chomwe ife tidzachite: kulemba dzina la sitolo pa loboti, kuitana woperekayo ku chionetsero, ndi kukaphunzitsa ana a sekondale yapafupi.

Ndinaonanso kuti kwa eni masitolo ambiri, kalata ya Chichewa yoperekedwa pamanja ndi kufotokozedwa pakamwa inkagwira ntchito kuposa ya Chingerezi yosiyidwa pa kauntala. Bambo wa sitolo uja nditamubwerera ndi kalata yatsopano, anatipatsa pulayiwudi ndi masikuluwu.

7.0 Tsiku Lomwe Ndalama "Zinasowa"

Kumapeto kwa Novembala komiti inandipempha kuti ndipereke lipoti la chuma. Ndalama za gulu zinkafikira pa nambala yanga ya foni, momwenso makolo anga ankanditumizira ndalama zanga. Buku ndinali nalo, koma ndinkalembamo ndikakumbukira. Usiku woti mawa ndi msonkhano ndinawerengera ndipo ndinapeza kuti K31,000 sizikuoneka.

Pa msonkhano ndinaima n'kunena kuti ndalama zina zagwiritsidwa ntchito ndipo zina zasowa. Mnyamata wina wa chaka chachitatu anandifunsa modekha kuti, "Achemwali, zagwiritsidwa ntchito ndi yani? Ndipo zasowa, kapena wina wazisowetsa?" Kumbuyo ndinamva wina akunong'ona mawu omwe msungichuma aliyense amawaopa, akuti "wadya".

Monga wophunzira zinenero, manyazi anga anali owirikiza. Ndinali nditabisala kuseri kwa galamala. Msintho wochitidwa, monga "zagwiritsidwa", umalola munthu kunena zomwe zachitika osatchula wochita. Msintho wam'chibisira, monga "zaonongeka" kapena "zatayika", umaposa pamenepa chifukwa umaonetsa ngati chinthucho chachitika chokha. Mwana akaswa mbale amati "yasweka". Ine ndinachita chimodzimodzi pamaso pa anzanga khumi ndi anayi.

Ndinapempha masiku atatu. Ndinafufuza mauthenga onse a pafoni limodzi ndi mlembi wa gulu. Tinapeza kuti K15,000 ndinabwereketsa membala wina yemwe ankathamangira maliro kwawo, wapampando atavomereza pakamwa, koma sitinalembe paliponse. K9,000 zinapita ku kusindikiza makalata ndi minibasi, popanda malisiti. K4,000 zinali zodulidwa potapa ndi potumiza ndalama. K3,000 zotsalazo sindinazipeze, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinazigwiritsa ntchito ndekha poganiza kuti ndi zanga. Ndinabweza kuchokera m'thumba mwanga. Sindinabe, koma kwa masiku atatu ndinalibe umboni wakuti sindinabe, ndipo ena mwa anzanga anatenga nthawi kuti ayambenso kundikhulupirira.

8.0 Malamulo Omwe Tinakhazikitsa

Pa tchuthi ndinawafotokozera amayi anga zomwe zinandichitikira. Iwo ali m'gulu la banki mkhonde, ndipo sanandimvere chisoni kwenikweni. Anati, "Mwanawe, ndalama za anthu sizigona ndi munthu mmodzi. Ife bokosi lathu lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi." Anandiuzanso kuti ndalama zimawerengedwa mokweza aliyense akuona, pa msonkhano uliwonse. Njira imeneyi, yomwe bungwe la CARE linayamba kuilimbikitsa ku Niger m'chaka cha 1991, imayenda bwino ngakhale pakati pa anthu omwe ena mwa iwo sadziwa kulemba, chifukwa sidalira kukhulupirika kwa munthu mmodzi.

Titabwerera ku sukulu tinatengera nzeru yomweyo n'kugwirizana izi. Ndalama za gulu zisasakanikirane ndi za munthu; zikhale pa nambala kapena akaunti yakeyake. Ndalama isatuluke popanda anthu awiri kusainira, ndipo msungichuma asavomereze yekha zomwe iye mwini akufuna kugula. Chilichonse chilembedwe tsiku lomwelo, ndipo mzere uliwonse m'buku ukhale ndi mwininkhani: wapereka ndani, walandira ndani, zingati, za chiyani. Komwe kulibe lisiti, monga m'minibasi, wogwiritsa ntchito ndalamayo alembe kapepala ndipo wina asainire. Ndalama zodulidwa pafoni zikhale ndi mzere wake. Thumba la loboti lisabwereketsedwe. Pa zovuta monga maliro tizisonkha padera. Pomaliza, lipoti liziwerengedwa mwezi uliwonse, kaya wina walifunsa kapena ayi.

Malamulowa saikidwa chifukwa chakuti msungichuma ndi wakuba. Amaikidwa kuti tsiku lomwe wina adzanong'one kuti "wadya", buku lidzamuyankhire.

9.0 Mawu Omaliza

Loboti yathu inayenda pa chionetsero. Inali ya mateyala awiri, thupi lake la pulayiwudi, ndipo magiya ake anachokera m'pulinta yakufa. Inatsata mzere bwinobwino maulendo awiri, ndipo ulendo wachitatu batire inafooka. Sitinapate mphotho. Sabata yotsatira ndinalemba kalata yothokoza kwa aliyense yemwe anatithandiza, n'kuikamo chithunzi cha loboti ndi tsamba limodzi losonyeza momwe ndalama zinalowera ndi momwe zinatulukira. Bambo wa sitolo uja anapachika chithunzicho pafupi ndi kauntala yake, ndipo anandiuza kuti gulu likadzafunanso matabwa lidzabwere.

Pochoka pa udindo ndinasiyira wolowa m'malo mwanga buku, envulopu ya malisiti, mndandanda wa omwe anatithandiza, ndi bokosi la zipangizo zotsala lolembedwa zomwe zili m'kati. Magulu a ophunzira amasintha anthu chaka ndi chaka, ndipo gulu lomwe silisiya zolembedwa limayambiranso pansi nthawi zonse. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Pa gulu lopanga maloboti, wolemba kalata, wokazinga mandasi ndi wosunga buku ndi ofunika mofanana ndi wolumikiza mawaya, ndipo aliyense wovomera kusunga ndalama za anzake ayambe wagula buku ndi cholembera asanalandire ndalama yoyamba.